Goliati ndi Polishi Wofiira

"Batata, nanga Goliati angagwetsedwe na ndani?"

Anafunsa funsoli ndi Eneless. Eneless anali mtsikana wamng'ono. Ankakhala ku Kanyama, mu Lusaka. Kunali kale. Dziko linali likadali kutchedwa Northern Rhodesia.

Bambo ake, Ba Dyton, anaseka.

"Goliati? Kulibe! Olo njovu ingayambe yaganiza."

Goliati anali ng'ombe yawo. Anali wamkulu. Anali wakuda bii. Eneless ankamukonda kwambiri. M'mawa uliwonse ankamukanda pamphumi. Goliati ankatseka maso. Ankati, "Mbuuu."

Ba Dyton anali ndi ng'ombe imodzi yokha. Koma ngolo imafuna ng'ombe ziwiri. Nyumba yoyandikana nayo inali ya Ba Whyson. Nawonso anali ndi ng'ombe imodzi yokha. Dzina lake linali Kabudula. Kabudula anali woyera. Koma ntchafu zake zinali zakuda. Ankaoneka ngati wavala kabudula.

Ngolo anaipanga pamodzi. Gudumu lina linali la Ba Dyton. Gudumu lina linali la Ba Whyson. Goliati ankakoka mbali iyi. Kabudula ankakoka mbali iyo. Ankanyamula miyala kupita nayo ku Matero. Kumeneko anthu ankamanga nyumba zatsopano.

Akazi a Ba Whyson anali Ba Marjory. Ba Marjory anali ndi kakhonde ka simenti. Mumzere wonse, khonde la simenti linali lomwelo. Ankalipaka polishi wofiira. Ankalipukuta. Ankalipukutanso. Linkawala mpaka nkhuku zinkadziona nkhope.

Tsiku lina Ba Marjory anaiwala kutseka chitini cha polishi. Kabudula anabwera. Ananunkhiza. Ananyambita. Ananyambitanso. Goliati naye anabwera. Ananyambita pang'ono chabe. Polishiyo sanamukonde. Anayetsemula.

"Fuseki! Fuseki!" anakuwa Ba Marjory, tsache lili m'mwamba.

Ng'ombe zinathawa. Eneless anaona zonse. Anaseka mpaka anakhala pansi.

Inali nyengo ya mvula. Udzu wa kudambo unatalika. Goliati ndi Kabudula ankadya kumeneko.

M'mawa wina Goliati sanadzuke. Eneless anamukanda pamphumi. Goliati sanati "Mbuuu." Eneless anamugwira khutu. Linali lotentha. Anamupatsa udzu. Goliati anayang'ana kumbali.

"Batata! Bwerani! Goliati adwala!"

Ba Dyton anabwera akuthamanga. Anakoka chingwe. Goliati anaimirira movutika. Miyendo inali kunjenjemera. Kenako anakodza.

Mkodzo unali wofiira!

Ba Dyton anayang'ana pansi. Pofiira. Anayang'ana khonde la Ba Marjory. Lofiira. Anayang'ananso pansi.

"Polishi!" anakuwa. "Baneba! Chokani panja! Polishi wanu wanipayira ng'ombe!"

Ba Whyson anatuluka, sopo ali kumaso. Anali akumeta ndevu.

"Ni chani, batate bake Eneless?"

"Onani! Goliati akodza khonde yanu!"

Ba Marjory nawo anatuluka. Anagwira m'chiuno.

"Nanga ndine ninamuitana? Ninamuikira mpando? Ninamupatsa sipuni?"

"Munasiya chitini chosavala!"

"Imwe munasiya ng'ombe yosamanga!"

Anthu anayamba kusonkhana. Ba Dyton anapita pangolo. Anamasula gudumu lawo. Analigubuduza mpaka m'nyumba. Ba Whyson ataona, nawo anamasula lawo. Ngolo inakhala pansi, khu! Nkhuku ina inalumphiramo. Inakhala bwinobwino ngati yapeza chisa.

Ba Dyton sanali munthu woipa. Anali ndi mantha. Munthu wamantha amafuna woti amuloze chala.

Eneless anawakoka malaya.

"Batata, Kabudula ananyambita maningi. Koma onani, ali bwino."

"Ivi ni va bakulu, iwe. Choka."

Posakhalitsa panamveka mawu. "Odi kuno!"

Anali Ba Obed, ogulitsa nyama pamsika. Anavula chipewa. Nkhope anaiika ya chisoni.

"Namvera ati kuli bodwala. Nabwera chabe kuona."

Anazungulira Goliati. Anamugwira ntchafu. Anamugwira nthiti. Anameza malovu.

"Pepani, Ba Dyton. Koma ikafa yeka, muzataya vonse. Tiipaye lelo."

Ba Dyton anakhala pamwala. Anagwira mutu.

"Bwerani dzuwa ikapendeka," anatero motsitsa mawu.

Eneless anamva. Anathamangira kwa amayi ake. Amayi ake, Ba Mainess, anali kuchapa. Ankaviika nsalu zoyera m'madzi a buluu kuti ziwale.

"Bamayi, bafuna kupaya Goliati!"

Ba Mainess anapukuta manja.

"Ku dibu kuli Ba Benedict, ba dokota ba ng'ombe. Koma batate bako lelo sibamvera munthu."

"Nizayenda ine."

"Uiziba njira?"

"Nizakonka njanji."

"Yenda. Osayenda pakati pa njanji, yenda m'mbali."

Eneless anayamba wapita kwa Ba Marjory.

"Odi, bamayi. Nipempha chitini cha polishi. Nifuna ba dokota bakachione."

Ba Marjory anamupatsa msangamsanga.

"Tenga, mwana wanga. Bakachione bwino. Polishi wanga alibe mulandu."

Eneless anathamanga. Anadutsa pamigodi ya miyala. Anadumpha zithaphwi. Anatsata njanji. Chitini chinali m'manja. Matope anali m'miyendo.

Anafika kudibu. Dibu ndi dzenje lalitali. Mumakhala madzi a mankhwala. Ng'ombe zimasambira m'menemo. Zikasamba, nkhupakupa zimafa.

Ba Benedict anali pomwepo. Anavala kabudula wa khaki ndi masokosi aatali. Ankalankhula pang'onopang'ono, ngati aphunzitsi.

Eneless anagwada. Anapereka chitini ndi manja awiri. Anafotokoza zonse, mpweya uli m'mwamba.

Ba Benedict anatsegula chitini. Ananunkhiza. Anatapa pang'ono ndi chala. Anapaka pansapato yawo.

"Polishi wabwino," anatero. "Tsopano ndiuze. Ng'ombeyo ikutentha thupi?"

"Ee."

"Ikudya?"

"Awe."

"Ili ndi nkhupakupa?"

Eneless anaganiza. "Ee. Pamukosi na pamimba. Vonenepa."

Ba Benedict anasiya kumwetulira. Anatenga bokosi lamatabwa. Analimanga panjinga.

"Kwera pamtanda. Tifulumire."

Njinga inathamanga. Belu linalira, ngiri, ngiri! Agalu anapatuka. Abakha anapatuka.

Anapeza Goliati atagonanso. Ba Dyton anali mbali iyi. Ba Whyson anali mbali iyo. Anafulatirana.

Ba Benedict anapereka moni. Anagwira Goliati khutu. Anamubaya pang'ono ndi singano. Panatuluka kadontho ka magazi. Anakapaka pakagalasi. Anadikira kuti kaume. Anathirapo mankhwala. Anadikiranso.

Kenako anatsegula bokosi. Anatulutsa makina akuda okhala ndi kachubu.

"Awa ndi maikulosikopu," anatero. "Amakuza tinthu tating'ono. Timene maso sangaone, awa amationetsa."

Anayang'ana okha poyamba. Anagwedeza mutu.

"Bwera, Eneless. Wandiitana ndiwe. Yamba ndiwe."

Eneless anaika diso pakachubu.

"Naona tumbale! Tumbale tung'ono, tozungulira, tambiri!"

"Timbale timeneto ndi tinyumba ta m'magazi. Ndi timene timafiiritsa magazi. Timanyamula mpweya m'thupi lonse. Yang'anitsitsa. M'kati mwa tina muli chiyani?"

"Muli tunthu tuwiri. Tuli monga nthanga za dzungu."

"Ndi timeneto tagwetsa ng'ombe yako."

"Utu?" Eneless anadabwa. "Tung'ono so?"

"Timeneto."

Anthu onse anayandikira. Ba Benedict anakhala pampando. Anayamba kufotokoza.

"Nkhupakupa imaluma ng'ombe. Ikamayamwa magazi, imasiyamo malovu. M'malovumo muli kachilombo. N'kakang'ono kuposa fumbi. Kamayandama m'magazi. Kamafunafuna kanyumba."

"Kakakapeza?" anafunsa Eneless.

"Kamamatirira pakhoma. Kenako kamatembenuka. Kamaloza khoma ndi mutu wake wosongoka. Kamatulutsa timadzi totsegulira njira. Kamakankha. Kamakankha. Kamakankha mpaka kalowa. Khoma limatsekeka kumbuyo kwake."

Ba Marjory anagwira pakamwa.

"Kulowa mu nyumba ya bene kopanda odi?"

"Kopanda odi, mayi."

"Mwana wa ndani ameneyo? Sanaleledwe!"

Masiku amenewo mwamuna wobwera m'tauni ankayenda ndi chitupa. Wopanda chitupa ankagwidwa ndi apolisi. Choncho Ba Whyson anafunsa, "Nanga chitupa kali nacho?"

"Kalibe."

"Ehe! Ndiye chifukwa kabisama mu nyumba!"

Anthu anaseka. Ba Dyton okha sanaseke.

Ba Benedict anapitiriza. "M'katimo kamadya. Kakakhuta kamagawika pawiri. Ndi tiwiri timene waona tija. Tiwirito timaswa kanyumba. Timatuluka. Aka kamalowa kanyumba kena. Ako kamalowa kanyumba kena. Timagawikanso. Timaswanso."

"Tunyumba tuzasila!" anatero Eneless.

"N'chifukwa chake Goliati wafooka. Tinyumba tikasweka, kufiira kwake kumatayika. Kumatuluka ndi mkodzo."

Ba Dyton anaimirira.

"Nifuna kuona neka."

Anawerama. Anaika diso lamanja pakachubu. Kenako anatsinzina diso lomwelo.

"Muli mudima. Palibe chili chonse. Ni boza!"

"Batata," ananong'ona Eneless, "mwavala diso yamene ifunika kuona."

Ba Dyton anatsegula diso. Anayang'ana. Anayang'ana nthawi yaitali. Anaona timbale. Anaona tinthanga. Anafunafuna m'mbali. Anafunafuna pakati.

"Nanga polishi ali kuti?"

"Mulibe," anayankha Ba Benedict.

"Olo pang'ono?"

"Ngakhale pang'ono."

Ba Marjory anatsokomola. Anatsokomola mokweza ndithu.

"Koma Kabudula naye ali na nkhupakupa," anatero Ba Whyson. "Nanga iye sadwala bwanji?"

"Anabadwira kuti?"

"Kuno kwamene, ku dambo."

"Ndiye anakumana nako kachilomboka ali mwana. Thupi lake limakadziwa. Limakathamangitsa. Nanga Goliati?"

"Ninamutenga ku famu," anatero Ba Dyton. "Kuja banali kusamba dibu sabata iliyonse."

"Ndiye sanakumanepo nako. Kamupeza ali wosakonzeka." Ba Benedict anayang'ana amuna awiriwo. "Kodi kudibu munabwera liti? Ine sindikukumbukani."

Ba Dyton anayang'ana kumwamba. Ba Whyson anayang'ana zala za kumapazi.

"Aba banakamba ati ni patali," anatero Ba Dyton.

"Imwe munakamba ati miyala siilindila!" anatero Ba Whyson.

"Munavomela!"

"Na imwe munavomela!"

Ba Benedict sanawaweruze. Anangotulutsa jakisoni wamkulu. Anakokeramo mankhwala. Mankhwalawo anali a buluu.

Nthawi yomweyo panamvekanso, "Odi kuno!"

Dzuwa linali litapendeka. Ba Obed anafika. M'dzanja ili munali mpeni. M'dzanja ilo munali beseni.

Eneless anathamanga. Anaima patsogolo pa Goliati. Anatambasula manja.

"Awe! Goliati ali na dokota!"

Ba Obed anaona Ba Benedict. Anaona jakisoni. Mpeni anaubisa kumbuyo.

"Nyama ya ng'ombe yodwala siipita pamsika, bambo," anatero Ba Benedict.

"Ine? Nabwera chabe kuona bodwala."

"Na beseni?" anafunsa Ba Mainess.

"Iyi? Iyi ni... Nabweretsela Goliati. Azimweramo manzi."

"Zikomo kwambiri," anatero Ba Mainess. Analandira beseni ndi manja awiri. Anathiramo madzi. Analiika pafupi ndi Goliati.

Ba Obed anabwerera ndi mpeni wokha.

Ba Benedict anafufuza mtsempha pakhosi pa Goliati. Anabaya jakisoni pang'onopang'ono. Eneless anamugwira Goliati pamphumi.

"Azapola?" anafunsa.

"Sindinganame, mwana wanga. Tinyumba tambiri tasweka. Koma wandiitana msanga. Mupatseni madzi. Akhale pamthunzi. Muchotseni nkhupakupa zonse. Akachira, asakoke ngolo mpaka ndidzanene ine."

Eneless anayamba ntchito. Anachotsa nkhupakupa pakhosi. Anachotsa pamimba. Anachotsa pansi pa mchira. Zinali zonenepa ngati nsatsi. Ba Mainess anamuthandiza. Ba Marjory nawo anabwera kudzathandiza. Nkhuku ija inatuluka m'ngolo. Inatola, inameza. Inatola, inameza.

Kutacha, Eneless anathamangira kwa Goliati. Anali akadagona. Koma khutu silinali lotentha kwambiri.

Ba Dyton anabwera. Anatsegula Goliati pakamwa kuti aone. Analumpha.

Nkhama za Goliati zinali za buluu! M'mbali mwa maso munalinso mwa buluu!

"Buluu!" anakuwa. "Manje banidyetsela ng'ombe buluu! Ni ndani ali na buluu pano? Ni nda..."

Anatembenuka. Anaona chingwe cha zovala. Anaona nsalu zoyera. Anaona ndowa ya madzi a buluu. Ndowayo inali pakhomo pawo pomwe. Pambali pake panaima Ba Mainess.

Ba Marjory anali pakhonde lawo. Anapinda manja.

"Ehe. Pitilizani, baneba. Timvela."

"Kambani, batate bake Eneless," anatero Ba Mainess. "Ni ndani?"

Ba Dyton anayang'ananso ndowa ija.

Eneless anawagwira dzanja.

"Batata, mankhwala ya mu jakisoni yanali yooneka bwanji?"

Ba Dyton anaganiza. Anakanda mutu.

"Ya buluu," anayankha ndi mawu aang'ono.

Ba Marjory anaseka. Ba Mainess anaseka. Ba Whyson anaseka mpaka anatsamira khoma. Pomaliza Ba Dyton nawo anaseka.

Mwina phokosolo linamudzutsa Goliati. Anatukula mutu. Ananunkhiza udzu m'manja mwa Eneless. Anatulutsa lilime. Anadya!

Tsiku lotsatira anaimirira yekha. Anthu a mumzere wonse anabwera. Anamuzungulira. Anadikira. Onse ankayembekeza chinthu chimodzi.

Goliati anawayang'ana. Anatafuna. Anawayang'ananso. Kenako anakodza.

Sunali wofiira!

Amayi analuluta. Ana anavina. Munthu wina wodutsa anafunsa ngati kuli ukwati.

Eneless anakumbatira Goliati pakhosi. Anamukanda pamphumi.

"Mbuuu," anatero Goliati.

Ba Dyton analowa m'nyumba. Anatuluka ndi gudumu lija. Analigubuduza mpaka kwa Ba Whyson. Anaima pansi pa khonde. Anavula chipewa.

"Odi, baneba."

"Lowani," anayankha Ba Marjory. "Koma nsapato zisale pansi."

Ba Dyton anavula nsapato. Anakwera ndi masokosi. Khonde linali lotereratu. Phazi ili linapita uku. Phazi ilo linapita uko. Anakhala pansi, phi!

"Nakhala kale," anatero. "Bamayi, nikhululukileni. Ninanamizila polishi wanu."

"Vasila," anatero Ba Marjory. "Koma lelo wakugwetsani zoona."

Amuna awiriwo anabwezera magudumu. M'ngolo anapezamo dzira. Analipereka kwa Eneless.

Koma panali vuto. Omanga nyumba ankadikira miyala. Goliati sankaloledwa kukoka. Kabudula sakanatha yekha.

Ba Dyton anayang'ana goli. Ba Whyson anayang'ana goli. Anayang'anana.

Kabudula analowa mbali iyi. Amuna awiri analowa mbali iyo. Anaika goli pamapewa. Eneless anakwera pangolo.

"Tiyeni!" anakuwa. "Kabudula, koka! Batata, kokani! Ba Whyson, musasalile!"

Ngolo inayenda pang'onopang'ono. Magudumu analira, kwii, kwii. Goliati anali pamthunzi. Ankatafuna udzu. Ankawaonerera.

Thukuta linatsika. Ba Whyson anapumira m'mwamba.

"Baneba," anatero, "kansi Goliati amavutika so?"

"Osakamba. Kokani."

"Baneba, dibu si patali."

"Si patali olo pang'ono," anavomera Ba Dyton. "Miyala ingalindile."

"Pa Chiwelu paliponse, tonse babili, na ng'ombe zonse zibili."

"Olo kugwe mvula. Mukagona, nizakuushani."

"Na imwe mukagona, nizatuma Eneless."

Anafuna kugwirana chanza. Koma manja onse anali pagoli. Choncho Ba Dyton anangogunda Ba Whyson ndi phewa.

"Nalonjeza, baneba."

"Na ine nalonjeza."